Matthijs de Ligt: anapsa yekha kapena anachita kumuvundika?

Okonda mpira wa ku Ulaya ali ndi nkhani imene aibwereza mpaka inasanduka choonadi chosafunanso kufufuza. Akuti timu ya Ajax ya mumzinda wa Amsterdam ku Netherlands ili ndi sukulu yosula osewera, ndipo mwana akalowa kumeneko ali ndi zaka 8 kapena 9, amakatuluka ali katswiri wotheratu. Mukawafunsa umboni, dzina lobwera msanga pakamwa pawo ndi la Matthijs de Ligt, wotchinga kumbuyo amene anasewerera dziko lake ali ndi zaka 17, n'kukhala kaputeni wa Ajax ali ndi zaka 18, n'kugulidwa pamtengo wa €75 miliyoni asanakwanitse zaka 20. Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewo, chipitireni mnyamatayu ku Manchester United mu 2024, akangomuona waterereka kamodzi amatembenuka n'kumati anatha kalekale, mtengo uja unali wa dzina chabe.

Zonse ziwirizi ine ndimazikayikira. Mwayi wake, zaka zoyamba za De Ligt zinalembedwa bwino, tsiku ndi tsiku, chigoli ndi chigoli. Mukazitsata mwachifatse mumapeza zinthu zitatu zimene nkhani ya sukulu ija siitchula: chizolowezi chakale cha dzikolo chopanga wotchinga kumbuyo kuchokera kwa osewera pakati, kuvulala kwa akuluakulu kumene kunkamutsegulira zitseko nthawi isanakwane, ndiponso msika wa osewera umene sudziwa kudikira.

Poyambira pake

Bungwe loyendetsa mpira ku Netherlands, KNVB, linakhazikitsidwa mu 1889. Ajax inabadwa mu 1900, ndipo timu ya dziko inasewera koyamba mu 1905 ndi Belgium. Kwa zaka zoposa 50 mpira kumeneko unali wongosangalatsa, wopanda malipiro. Osewera anayamba kulandira ndalama mu 1954, ndipo ligi yaikulu ya Eredivisie inayamba mu 1956. Mayina ena a nthawi imeneyo amakumbukika chifukwa cha msinkhu basi: Jan van Breda Kolff anasewerera dziko mu 1911 ali ndi zaka 17, Mauk Weber anachita chimodzimodzi mu 1931. Wotchinga kumbuyo wa masiku amenewo ntchito yake inali imodzi, kuchotsa mpira pafupi ndi golo.

Zinthu zinasintha Rinus Michels atatenga uphunzitsi wa Ajax mu 1965. Iye ankafuna kuti timu yonse izipita kutsogolo pamodzi ndi kubwerera pamodzi, otchinga kumbuyo aziima pafupi ndi mzere wa pakati, aziyambitsa okha masewero m'malo mongomenya mpira kutali. Koma taonani kumene anakapeza munthu wotsogolera mzere umenewo. Sanamutenge kusukulu ya Ajax ayi. Anakamugula ku Partizan Belgrade mu 1966, Velibor Vasović wa ku Yugoslavia, ndipo ndi iyeyo amene ananyamula chikho cha matimu a ku Ulaya monga kaputeni mu 1971, Ajax itagonjetsa Panathinaikos 2-0 pa Wembley. Vasović atapuma, malo ake anatenga Horst Blankenburg wa ku Germany, ndipo Ajax inatenganso chikhocho mu 1972 ndi mu 1973. Eni nthaka analipo, Ruud Krol, Wim Suurbier ndi chimphona chandevu Barry Hulshoff, koma pamtima pa chitetezo cha timu yotchuka koposa m'mbiri ya Ajax panali mlendo.

Dzina la Hulshoff mulisunge, tikumananso nalo. Mu 1974 iye anavulala ndipo sanapite ku World Cup ya ku West Germany. Michels, amene tsopano ankaphunzitsa timu ya dziko, anatenga Arie Haan, wosewera pakati, n'kumubweza kumbuyo kuti aziima ndi Wim Rijsbergen wa Feyenoord. Timuyo inafika mu fainolo n'kugonja 2-1. Kuyambira pamenepo maganizo anakhazikika akuti wotchinga kumbuyo wabwino ndi amene akanathanso kusewera pakati. Pamene Netherlands inatenga chikho cha mayiko a ku Ulaya mu 1988, chokhacho chachikulu chimene ili nacho mpaka lero, pakati pa chitetezo panali Frank Rijkaard ndi Ronald Koeman, onse awiri anthu odziwa kugawa mpira. Rijkaard anali mwana wa Ajax. Koeman anakulira ku Groningen, kumpoto kwenikweni, ndipo ku Amsterdam anafika mu 1983 ali kale wosewera wa mu ligi.

Pa 24 Meyi 1995 Ajax inagonjetsa AC Milan 1-0 mumzinda wa Vienna, chigoli cha Patrick Kluivert wa zaka 18. Timu imeneyi ndiye gwero lenileni la nkhani ya sukulu ija, chifukwa ambiri mwa anyamatawo anakuliradi pamodzi. Koma pasanathe miyezi 7, pa 15 Disembala, khoti la mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya linagamula mlandu wa Jean-Marc Bosman, wosewera wa ku Belgium. Chigamulocho chinati wosewera amene mgwirizano wake watha ndi womasuka kupita kutimu ina popanda malipiro, ndipo chinachotsa malire a chiwerengero cha osewera ochokera m'mayiko a mgwirizanowo. Kwa osewera chinali chilungamo. Kwa matimu a m'mayiko aang'ono chinali chigumula. Edgar Davids ndi Michael Reiziger anapita ku Milan mu 1996 Ajax osalandira kanthu, Kluivert ndi Winston Bogarde anawatsatira mu 1997, ndipo abale awiri Frank ndi Ronald de Boer anapita ku Barcelona mu 1999.

Phunziro limene matimu a ku Netherlands anatolapo linali losavuta: gulitsa mwana mgwirizano usanathe, apo ayi umutaya ulere. Ndalama za wailesi za kanema zinkachuluka chaka ndi chaka ku England, Spain, Italy ndi Germany, pamene ligi ya dziko la anthu pafupifupi 17 miliyoni sikanatha kupikisana nazo. Ndiye wa zaka 23 akagulitsidwa, malo ake amatenga wa zaka 20. Wa zaka 20 akapita, amaitana wa zaka 17. Anthu akunja akaona ana akusewera mu Eredivisie amati n'kulimba mtima kwa aphunzitsi. Nthawi zina n'zoona. Nthawi zambiri n'kusowa wina womuika.

Mwana wa ku Abcoude

De Ligt anabadwa pa 12 Ogasiti 1999 ku Leiderdorp, n'kukulira ku Abcoude, kamudzi kamene kali kummwera kwa Amsterdam, mtunda waufupi kuchokera pabwalo la Ajax. Mpira anayambira kutimu ya kumudziko, FC Abcoude, ndipo ali ndi zaka 9 analowa sukulu ya Ajax, imene malo ake amatchedwa De Toekomst. Poyamba ena mwa aphunzitsi ankamuona ngati wolemera thupi ndiponso wochedwa miyendo. Anamusungabe, ndipo kwa zaka zingapo ankamuika pakati, komwe mdani amakudzera mbali zonse ndipo mpira suchedwa kuphazi. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kulandira mpira ataona kale kopatsira. Chizolowezi cha 1974 chija chinali chikugwirabe ntchito. Ndipo munthu amene ankamulangiza ndi kumuyendetsera za mgwirizano m'zaka zoyambazo anali Barry Hulshoff yemwe uja.

Apa sukulu ya Ajax tiyenera kuipatsa ulemu wake. Imayang'ana zinthu zinayi mwa mwana: luso la pa mpira, kuwerenga masewero, khalidwe ndi liwiro. Matimu onse a ana amasewera mofanana ndi timu yaikulu, moti mwana akakwera sachita kuphunzira chinenero chatsopano. Nthawi zambiri De Ligt ankasewera ndi ana oposa msinkhu wake. Mu Ogasiti 2016 anayamba kusewerera Jong Ajax, timu yachiwiri imene imapikisana mu ligi yotsatira Eredivisie, yomwe muli abambo a ndevu zawo. Pa 21 Seputembala chaka chomwecho anasewera koyamba mutimu yaikulu, pa masewero a chikho ndi Willem II amene anathera 5-0. Anamwetsa chigoli ndi mutu, mpira wochokera pakona, n'kukhala wachiwiri kwa Clarence Seedorf pa omwetsa chigoli aang'ono kwambiri m'mbiri ya Ajax.

Mpaka pamenepa zonse zinkayenda pa liwiro loyenera. Ankalowa, n'kupuma, n'kubwerera ku Jong Ajax. Kenako kunabwera ulendo wa ku Sofia.

Mphindi 45

Timu ya dziko inali pamavuto. Itakhala yachiwiri pa World Cup ya 2010 ndi yachitatu mu 2014, inalephera kupita ku mpikisano wa ku Ulaya wa 2016, ngakhale kuti mpikisanowo unali utakulitsidwa kufika matimu 24. Pa ulendo wopita ku World Cup ya 2018 inali m'gulu limodzi ndi France ndi Sweden, ndipo inali italepherana kale 1-1 ndi Sweden n'kugonja 1-0 kwa France pakhomo. Masewero a pa 25 Malichi 2017 ndi Bulgaria ku Sofia sanali oyeserera. Virgil van Dijk anali atavulala kuyambira Januwale. Jeffrey Bruma anali wovulala. Stefan de Vrij nayenso sanali bwino. Osankha timu anayang'ana pabenchi n'kuloza mwana wa zaka 17 ndi masiku 225, amene mu Eredivisie anali atayambapo masewero awiri okha. Chichokereni Mauk Weber mu 1931, panalibe wamng'ono chotero amene anayambapo masewero a timu ya dziko.

Pa mphindi yachisanu mpira wautali unachokera kumbuyo kwa Bulgaria. Ndi mpira wa mtundu umene wotchinga kumbuyo wa zaka 28 amauchotsa osaganiza, chifukwa anaulandirapo kambirimbiri ndipo thupi limadziwa lokha poima. De Ligt anauwerenga molakwika. Unamupitirira, Spas Delev n'kumudutsa, mpira mu ukonde. Pa mphindi ya 20 Delev yemweyo anapeza danga pafupi ndi bokosi, palibe womutseka msanga, n'kumwetsa chachiwiri. Pobwera kopuma De Ligt sanatulukenso. Malo ake analowa Wesley Hoedt wa Lazio. Masewero anathera 2-0, ndipo tsiku lotsatira mphunzitsi wa timu ya dziko anachotsedwa ntchito.

Mmawa mwake nkhope ya mnyamatayu inali paliponse. Ndikaganiza za usiku umenewu, chimene chimandivuta si kulakwitsa kwake. Mwana wa zaka 17 kulephera kuwerenga mpira wa m'mwamba pabwalo lachilendo, pamaso pa chikhamu cha eni mudzi, n'chinthu choyembekezeka. Funso ndi lakuti dziko la Krol, Koeman ndi Rijkaard linafika bwanji poti akuluakulu atatu akavulala, chotsala n'kutuma mwana. M'bwalomo munali Arjen Robben ndi anzake odziwa ntchito, ndipo kwa mphindi 70 zotsatira sanabweze ngakhale chigoli chimodzi. Koma mlandu umakonda kugwera amene nkhope yake ndi yatsopano.

Kulemera kwa usikuwo kunadzaoneka mu Okutobala. France inamaliza ndi mapointi 23, Sweden 19, Netherlands 19. Sweden inadutsa chifukwa cha kuchuluka kwa zigoli, makamaka itakwapula Luxembourg 8-0. Pointi imodzi yokha ya ku Sofia ikanasintha zonse. N'zoona. Komanso pointi imodzi ya kwina kulikonse ikanachita chimodzimodzi, ndipo ku Paris mu Ogasiti timuyo inakunthidwa 4-0. Amene amati De Ligt ndiye analepheretsa dziko lake kupita ku World Cup ya ku Russia amawerenga tsamba limodzi la buku lonse.

Ana ena zoterezi zimawathera pomwepo. Pali mayina ambiri mu mpira amene anawala mwezi umodzi, n'kulakwitsa pagulu, n'kuzimiririka. Chimene De Ligt anali nacho, ndipo ichi si sukulu imene inamupatsa, ndi mtima wosasunga mantha. Anabwerera ku Amsterdam n'kupitiriza kupempha mpira. Patangotha miyezi iwiri, pa 24 Meyi 2017, anayamba nawo fainolo ya Europa League mumzinda wa Stockholm ali ndi zaka 17 ndi masiku 285, wamng'ono kuposa aliyense amene anasewerapo fainolo yaikulu ya matimu a ku Ulaya. Ajax ya tsiku limenelo inali ya ana okhaokha, zaka zawo pongogawana sizinkafika 23. Pagolo panali André Onana wa ku Cameroon, kutsogolo Bertrand Traoré wa ku Burkina Faso, pakati Hakim Ziyech wa ku Morocco. Manchester United ya José Mourinho inawasiyira mpira, n'kuwatsekera njira, n'kupambana 2-0 ndi zigoli za Paul Pogba ndi Henrikh Mkhitaryan. De Ligt anali mmodzi mwa ochepa a Ajax amene anatuluka m'bwalomo mutu uli m'mwamba.

Mnzake wa kumbuyo usiku umenewo anali Davinson Sánchez wa ku Colombia, wa zaka 20, amene Ajax inamugula chaka chimodzi m'mbuyomo. Mu Ogasiti anagulitsidwa ku Tottenham pamtengo wa pafupifupi €40 miliyoni. Motero De Ligt, atangokwanitsa zaka 18, anasanduka mzati wa chitetezo chonse. Mu Malichi 2018 anavala lamba wa ukaputeni, wamng'ono kuposa onse amene anali atatsogolerapo Ajax kufikira nthawi imeneyo. Chitseko china chinatsegukanso chifukwa wina wachoka.

Chaka cha ulemerero

Nyengo ya 2018/19 ndi imene aliyense amaikumbukira, ndipo ndi imenenso imatsutsa kwambiri nkhani ya sukulu ija. Chaka chimenecho Ajax inachita zimene sinkachita kawirikawiri: inatulutsa ndalama n'kugula akuluakulu. Dušan Tadić, wa zaka 29, anachokera ku Southampton. Daley Blind, wa zaka 28, anabwerera kuchokera ku Manchester United n'kuima kumanzere kwa De Ligt. Kutimu ya dziko, Ronald Koeman, amene anatenga uphunzitsi mu Febuluwale 2018, anamuika pambali pa Van Dijk. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mnyamatayu akathamangira kutsogolo kukalanda mpira, kumbuyo kwake kunali munthu wodziwa kutseka mpata. Netherlands inagonjetsa Germany 3-0 mu Okutobala 2018 ndi France 2-0 mu Novembala. Mu Disembala De Ligt analandira mphoto ya Golden Boy ya wosewera wachinyamata wopambana ku Ulaya, wotchinga kumbuyo woyamba kuilandira.

Mu Champions League, Ajax ya Erik ten Hag inayambira kutali, ndime yachiwiri ya masewero odzigulira malo, mu Julayi. Inadutsa Sturm Graz, Standard Liège ndi Dynamo Kyiv. M'gulu inalepherana kawiri ndi Bayern Munich. Real Madrid, imene inali itatenga chikhocho katatu motsatizana, inapambana 2-1 ku Amsterdam, koma pa 5 Malichi 2019 inachititsidwa manyazi 4-1 pakhomo pake. Pa 16 Epulo ku Turin, Cristiano Ronaldo anatsogoza Juventus, Donny van de Beek anabweza, ndipo pa mphindi ya 67 mpira wa pakona unabwera. De Ligt anadumpha pakati pa adani awiri, mapewa ake pamwamba pa awo, n'kuwomba ndi mutu. Ajax inafika mu semifainolo koyamba chichokereni 1997.

Zotsatira zake ochemerera a Ajax sakonda kuzikamba. Mu semifainoloyo anagonjetsa Tottenham 1-0 ku London. Pa 8 Meyi ku Amsterdam, De Ligt anamwetsanso ndi mutu pa mphindi yachisanu, Ziyech anaonjezera, ndipo popita kopuma Tottenham inkafunika zigoli zitatu. Lucas Moura anamwetsa zonse zitatu, chomaliza pa mphindi yachisanu ndi chimodzi ya nthawi yoonjezera. Anyamatawo anagwa pakapinga ngati odulidwa miyendo. Anatengabe ligi, koyamba chichokereni 2014, ndi chikho cha KNVB atagonjetsa Willem II 4-0.

Pa 6 Juni, mu semifainolo ya Nations League ndi England ku Portugal, tinaona De Ligt yense m'masewero amodzi. M'chigawo choyamba mpira unamupulumuka kuphazi m'bokosi mwake, n'kugwetsa Marcus Rashford, penate. M'chigawo chachiwiri anabweza yekha chigolicho ndi mutu, ndipo Netherlands inapambana 3-1. Munthu woonera mwachilungamo akanati: uyu ndi mwana waluso lalikulu, wolimba mtima, amene akulakwitsabe zolakwa za msinkhu wake. Msika sunanene choncho. Unati ndi katundu wotheratu.

Mtengo

Pa 18 Julayi 2019 Juventus inalengeza kuti yamugula pa €75 miliyoni, komanso zina zoonjezera zoposa €10 miliyoni. Frenkie de Jong anali atagulitsidwa kale ku Barcelona pamtengo wofanana. Chaka chotsatira Ziyech anapita ku Chelsea, Van de Beek ku Manchester United. Timu imene inatsala masekondi ochepa kufika mu fainolo inamwazika ngati ya 1995 ija, kusiyana kwake n'kwakuti ulendo uno ndalama zinalowa.

Ku Turin maganizo anali abwino. De Ligt aziphunzira pang'onopang'ono kwa Giorgio Chiellini ndi Leonardo Bonucci, akadaulo a chitetezo cha ku Italy, kumene wotchinga kumbuyo amaphunzitsidwa kusunga malo m'malo mothamangira munthu. Masewero oyamba a ligi anawaonera pabenchi. Koma kumapeto kwa Ogasiti Chiellini anaduka mtsempha wa bondo pokonzekera, ndipo pa 31 Ogasiti De Ligt anayamba masewero ndi Napoli. Juventus inatsogola 3-0, Napoli inabweza zonse zitatu, ndipo Juventus inapulumukira chigoli chimene Kalidou Koulibaly anadzimwetsa yekha kumapeto. Mu Okutobala mpira unamugunda padzanja m'bokosi pa masewero ndi Inter, kenako ndi Lecce, mapenate awiri. Manyuzipepala anayamba kuwerengera mayuro pa cholakwa chilichonse. Kachitatu tsopano, kuvulala kapena kuchoka kwa wamkulu kunamukankhira patsogolo nthawi yophunzira isanathe.

Sikuti analephera. Anamwetsa chigoli chopambanira pa masewero ndi Torino mu Novembala, anatenga ligi ya Italy mu 2020 ndi chikho mu 2021, kenako ligi ya Germany ndi Bayern Munich mu 2023. Wosewera wamba angasangalale ndi theka la zimenezi. Koma m'zaka zitatu za ku Juventus anaphunzitsidwa ndi aphunzitsi atatu, Maurizio Sarri, Andrea Pirlo ndi Massimiliano Allegri, aliyense ndi kachitidwe kake. Ku Bayern anakumana ndi awiri m'zaka ziwiri. Ku Manchester, Ten Hag amene anamuitana anachoka patangotha miyezi iwiri ndi theka. Ntchito yotchinga kumbuyo imadalira kuzolowerana: kudziwa mnzako aima pati, goloboyi atuluka liti, mzere ukwera nthawi yanji. Munthu wosinthidwa malangizo chaka chilichonse amakhala akuyambanso. Ndipo khadi lofiira limene analandira pa 27 Juni 2021 ku Budapest, atagwira mpira ndi dzanja pa masewero ndi Czech Republic amene Netherlands inagonja 2-0, linapatsa omunyoza chithunzi chachiwiri choika pambali pa cha ku Sofia.

Amene anachedwa

Tsopano yang'anani otchinga kumbuyo awiri a ku Netherlands amene anthu ambiri amawaika pamwamba m'zaka 30 zapitazi. Jaap Stam sanapondepo sukulu ya Ajax. Anachokera kutimu yosalipidwa ya ku Kampen, anayamba mpira wa malipiro ku Zwolle mu 1992 ali ndi zaka 20, n'kudutsa ku Cambuur, Willem II ndi PSV. Manchester United inamugula mu 1998 ali ndi zaka pafupifupi 26, pamtengo umene panthawiyo unali waukulu koposa wa wotchinga kumbuyo, ndipo chaka chake choyamba anatenga zikho zitatu.

Van Dijk nkhani yake ndi yowawa kuposa pamenepo. Ali wachinyamata ku Willem II ankatsuka mbale mu lesitilanti ku Breda. Anapita ku Groningen mu 2010 popanda malipiro, n'kuyamba kusewera mu ligi mu Meyi 2011 ali ndi zaka 19. Mu 2012 anadwala matenda a m'mimba amene anatsala pang'ono kumupha. Matimu akuluakulu a kwawo sanamutenge, ndipo mu 2013 anapita ku Celtic ya ku Scotland pa ndalama zosakwana £3 miliyoni. Timu ya dziko anaisewerera koyamba mu Okutobala 2015 ali ndi zaka 24. Pamene Liverpool inkamugula pa £75 miliyoni mu Januwale 2018, anali ndi zaka 26 ndipo zolakwa zake zambiri anali atazichitira kumabwalo kumene makamera ndi ochepa. De Ligt zolakwa zomwezo anazichitira pamaso pa dziko lonse, atapachikidwa kale mtengo pakhosi.

Sindikunena kuti kuyamba mochedwa ndiye njira. Rijkaard anayamba ali ndi zaka 17 ndipo anafika pamwamba. Koma iye anakhala ku Ajax zaka 7 asanachoke, chinthu chimene masiku ano n'chosatheka kwa mwana waluso lotero. Micky van de Ven anakulira ku Volendam, Nathan Aké anachoka ku Feyenoord ali ndi zaka 16, Sven Botman anatuluka mu Ajax asanasewerepo ligi ndi timu yaikulu n'kukatenga chikho ku France ndi Lille mu 2021. Njira ndi zambiri, ndipo ya De Toekomst ndi imodzi chabe mwa izo. Chimene chinalakwika pa De Ligt si luso lake kapena maphunziro ake. Ndi changu cha onse omuzungulira: matimu ofuna ndalama, ogula oopa kupitiriridwa ndi anzawo, olemba nkhani ofuna ngwazi yatsopano, ndi ife oonera amene timayeza munthu ndi mtengo wake.

Changu chimenecho sichinathe. Jurriën Timber anachoka ku Ajax kupita ku Arsenal mu 2023 ali ndi zaka 22. Malo otsalawo anakulitsa udindo wa Jorrel Hato, wobadwa mu Malichi 2006, amene anayamba kusewera mutimu yaikulu ali ndi zaka 16, n'kuvala lamba wa ukaputeni ndi kusewerera dziko ali ndi zaka 17. Mu Ogasiti 2025 Hato anagulitsidwa ku Chelsea. Anali ndi zaka 19.